Khadi Losokedwa m'Lamba

Kamakina ka polipirira kanaliranso kuti tii, ndipo mtsikana wa kuseri kwa galasi anakankhira khadi kwa Sajeni ndi chala chimodzi.

"Akuti lakana, mayi," anatero Womasulira, mnyamata wa kwawo amene amadyera kuyankhulira odwala pachipatalapo.

"Lakana bwanji? Muuze ayesenso."

"Wayesa kale, mayi. Akuti kumbuyo kwanuku kuli anthu."

Analipodi anthu, ndondondo mpaka pachitseko, aliyense atakumbatira mapepala ake. Sajeni anatola khadilo n'kuchoka pamzere.

Kwawo mayi ameneyu sanali wokankhiridwa zinthu ndi chala. Akuba akangomva kuti awafunsa ndi Sajeni, ena amayamba kuulula asanakhale n'komwe pampando. Koma kuno, kudziko la eni, analibe yunifolomu, analibe chiyankhulo, ngakhale kufunsa kumene kuli chimbudzi amadalira pakamwa pa Womasulira.

Chinamubweretsa ndi matenda a achimwene ake, telala, amene impso zawo zonse ziwiri zinasiya ntchito. Mwana woyamba wa telalayo, mtsikana amene banja lonse limangomuitana kuti Chisamba, anavomera kupereka impso yake imodzi. Opaleshoni inali mawa m'mawa. Chipatala chinanena mosapsatira: ndalama zilowe lero zenera lolipirira lisanatsekedwe, apo ayi malo apita kwa wina. Malo ena akanapezeka patatha miyezi, chilolezo chokhalira m'dzikomo chitatha, ndipo dokotala anali atanena kale kuti thupi la telala silifika kumeneko.

Ndalamazo zinali shopu yonse ya achimwene, makina osokera, mashelefu, ndi puloti imene makolo anawasiyira. Zonse zinalowa ku banki. Zodyera ndi zolipira chipinda anabwera nazo m'manja. Khadi la ku banki achimwene analisokera m'lamba wansalu, monga amachitira anthu apaulendo, kuti Sajeni azigona nalo m'chiuno mpaka tsiku lolipira. Lambayo amangomuvula posamba. Ulusi anaudula yekha m'mawa womwewo.

Anaimbira ku banki ya kwawo ataima pakona pa khonde, chala chitatseka khutu linalo.

"Zikomo podikira, mayi," anatero mawu a mkazi, ofewa ngati palibe chimene chikupsa. "Ndaona kuti dzina lanu lilipo pa akauntiyi, ndiye ndikhoza kukuuzani. Mwatsala zochepa kwambiri."

"Zochepa? Mwana iwe, taona bwino."

"Zakhala zikutapidwa pa makina, mumzinda umene mulimowo, tsiku lililonse chifikireni. Khadi likakhala kunja lili ndi malire a patsiku. Ndiye wotapayo amatenga mpaka pamalirepo, mawa n'kubweranso."

"Nthawi yanji?"

"Mbandakucha, mayi. Kunja kusanayere."

"Makina a pati?"

"Ife timangoona mzinda. Koma ndi makina amodzimodzi masiku onse. Ndiponso ndi khadi lenileni, ndi nambala yachinsinsi yolondola."

"Khadi lenileni lili m'manja mwangamu! Lagona m'chiuno mwanga chichokereni kunyumba!"

"Tandiwerengereni manambala omalizira a khadi mwagwiralo."

Sajeni anawerenga.

"Limenelo ndi lakale, mayi. Tinalitseka pamene tinapereka latsopano, mukukonzekera ulendo. Amafanana mtundu, koma limenelo n'lakufa."

Foni inaduka yokha. Mayunitsi anali atatha.

*

Sajeni anapeza Womasulira atatsamira khoma akutafuna chingamu. Anamukokera kuseri kwa chipilala ndi tayi yake yofiira.

"Tsiku tinafika, unatiuza kuti tisatape ndalama pa makina a kubwalo la ndege chifukwa amadula kwambiri. Unadziwa bwanji kuti tili ndi khadi?"

"Eee, mayi, ndani amabwera kuno opanda khadi? Ndimauza aliyense zimenezo. Ndi upangiri waulere umenewo, ena amandithokoza ndi kangachepe."

"Mbandakucha umakhala kuti?"

"M'bulangeti, mayi! Ine ndimakhala kutsidya kwa mtsinje, sitima yoyamba imanyamuka kutayera. Tayang'anani, ine ndi munthu wa madilu, sindikukana. Ndikhoza kukugulitsani simu ya foni kawiri mtengo wake, n'kukusekererani. Koma kulowa m'chiuno mwa wapolisi? Ndine wopenga ine? Khadi lanulo ndaliona koyamba lero."

Maso ake sanathawe. Sajeni anaona maso ambiri a abodza pantchito yake, ndipo awa anali a munthu wamantha chabe. Anamusiya tayi.

"Ndiperekeze ku polisi."

"Tikhoza kupita, koma akakupatsani pepala, akuuzani mubwere sabata yamawa. Zithunzi za pa makina samapereka tsiku lomwelo, ndazionapo zimenezi. Zenera limatsekedwa madzulo ano, mayi." Anakonza tayi yake, kenako anatsitsa mawu. "Ine si wapolisi, koma mbandakucha geti la kumene mukukhala limakhala lokhoma. Kiyi amasunga ndani?"

*

Nyumbayo inali kuseri kwa chipatala, yansanjika, yodzaza odwala a kwawo ndi owadikirira. Mwini wake, mayi wa kwawo amene anakwatiwa kuno kalekale, anali kukhitchini akukwecha poto. Anamvetsera nkhani yonse osatembenuka. Atamva za kiyi, anaika potoyo pansi kuti khwengwere.

"Ndiye mwabwera kwa ine?"

"Ndikufunsa aliyense, mayi."

"Funsani! Kiyi amagona pansi pa pilo panga, ndipo geti limenelo likamatseguka limalira mpaka agalu a mseu wonse amadzuka. Mwalimvapo likulira mbandakucha inu? Ine m'nyumba muno ndasunga anthu osawerengeka. Ena amachira, amapita osatsanzika. Ena amafera m'manja mwanga, maso ndimawatseka ndine, bokosi ndimathamangira ndine. Lero ndasanduka wakuba? Ha! Abale!"

"Ndikamasamba ndimasiya lamba pamsomali kuchipinda. Ndani amalowamo?"

"Ine sindilowa m'zipinda za anthu. Amasesa ndi mwana wanu. Ndipo poti mwayamba kufunsa, mwana ameneyo ndamupeza akulira pa masitepe a kuseri, osati kamodzi. Mumamufunsa zimenezo, kapena mumangofunsa za makiyi?"

Sajeni anayang'ana wotchi yake kuti aone nthawi yatsala. Mayi a nyumba anaseka chiseko chowawa.

"Wotchi imeneyo ikukunamizani. Chibwerereni simunaisinthe, mukuti muzidziwa nthawi yoimbira ana anu. Kuno dzuwa lapendeka kale, mayi."

Sajeni anaima njoo, maso pa wotchi. Kalanga ine, wapolisi wamkulu ngati ameneyu! Mtsikana wa ku banki amawerenga nthawi ya kwawo. Kwawo kukakhala mbandakucha, kuno anthu amakhala atamwa kale tiyi, geti lili yasa, aliyense akutuluka ndi kulowa. Kiyi analibe nawo mlandu.

Nambala yachinsinsi amaidziwa anthu atatu okha: iye mwini, achimwene amene sangakwere ngakhale sitepe imodzi osapuma, ndi mwana wa telala, amene anaphunzira singano asanaphunzire kulemba.

*

Chisamba anali pa masitepe a kuseri, akuyanika zovala pachingwe. Anavala chikhoti chake chotuwa cha pakaunjika, chimene anagula chifukwa cha ulendowu.

"Mwalipira, azakhali?"

"Khala pansi."

Mtsikanayo anakhala. Sajeni anaima pamwamba pake, monga amaimira kuntchito.

"Zikwama ndi mapepala a bambo ako analongedza ndani?"

"Ine."

"Khadi lakale la ku banki unaliona?"

"Linali m'kachikwama kawo. Bwanji kodi?"

"Ndalama zatha. Wina anamasula lamba wanga, anachotsa khadi lenileni, anaikamo lakufa, n'kusokanso. Wakhala akutapa m'mawa uliwonse."

Kamtengo kopanira zovala kanagwa m'manja mwa Chisamba n'kugubuduka masitepe onse.

"Ukuopa mpeni," anatero Sajeni. "Nena. Palibe angakuseke. Ukuopa, ndiye unaganiza kuti ndalama zikasowa tibwerera kwathu, iwe impso zako zonse zili m'mimba, palibe wokuloza chala."

"Azakhali!"

"Umalira chiyani pa masitepe pano?"

"Ndikuopa, inde!" Mtsikanayo anaimirira, misozi ili mbwembwembwe. "Ndikuopa mpaka chakudya sichitsika. Ndaona chilonda cha mnyamata wa chipinda cha pamwamba uja, anapereka impso kwa amayi ake, akuyenda atapindika. Ndimabwera kuno kudzalira kuti ababa asandione. Koma ndikalira ndimapukuta nkhope, ndimalowa, ndimawasekerera. Inu mukuti ndawapha ndine?"

Sajeni anamugwira pachifuwa pa chikhoti kuti amuyang'ane m'maso. Chikhoticho chinali cholimba m'manja, chokhuthala ngati katoni. Mtsikanayo anadzimasula.

"Musandikoke, mung'amba ntchito ya ababa. Akhala akuwonjezera nsalu m'kati masana aliwonse, akuti kuno kukuzizira, ndingadwale opaleshoni isanafike. Munthu akufa, koma akuganiza za chimfine changa. Ndiye ine ndiwabere?"

"M'mawa umakhala kuti?"

"Ndi inu! M'mawa uliwonse mumandigwira dzanja kupita kokayezedwa magazi, ngati ndithawa. Tsiku lopanda chipatala timachapa limodzi pano. Mwaiwala?"

Sanaiwale. Anangochita manyazi, manyazi aakulu, oti akanatha akanalowa pansi. Koma dzuwa linali likutsika kuseri kwa nyumba za eni, ndipo manyazi sakanalipira chipatala.

"Tikachoka ife, m'chipinda mumatsala ndani?"

"Ababa okha. Amangotuluka kukakwera sikelo ku sitolo ya mankhwala pakona apo, monga ananenera dokotala. Amapita ndi Aphunzitsi."

*

Aphunzitsi anali pabenchi pafupi ndi geti, akuwotha kadzuwa kotsala. Anali bambo wopuma ntchito, wamtali, amene matenda a shuga anawaphimba maso. Amadikira opaleshoni yawo ya maso atavala jekete ndi tayi tsiku lililonse, ngati akuyembekezera oyendera sukulu.

"Mapazi amenewo ndi a Sajeni," anatero. "Koma lero akugunda pansi mopanda dongosolo. Kwagwanji?"

"Aphunzitsi, m'mawa mukamapita ndi achimwene ku sitolo ya mankhwala, mumakumana ndi ndani?"

"Funso labwino, koma mwalunjika kwa mboni yolakwika. Ine sindikumana ndi anthu, ndimangowagunda. Mudziwe kuti ine ndi achimwene anu tikaphatikizana timapanga munthu mmodzi wathunthu. Iwo ndi maso, ine ndi miyendo. Amanditsamira paphewa, ine n'kumakoka."

"Alipo amene amawayankhulitsa panjira? Amene amawapatsa kanthu, kapena kulandira kanthu?"

"Palibe. Timapita, amakwera sikelo, timabwerera. Tsiku losefa magazi timalawirira pang'ono. Sanajombepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo akanakhala mwana wa m'kalasi mwanga ndikanamupatsa mphoto."

Sajeni anatembenuka kuti azipita. Apa panalibe kanthu.

"Koma sikelo za kuno, mayi, n'zapamwamba," anapitiriza Aphunzitsi, poti munthu wozolowera kalasi salola womvera athawe. "Kwathu sikelo umangokwerapo, muvi n'kuloza, basi. Ya kuno imayamba yalira kanayi, tii, tii, tii, tii. Kenako imaganiza. Ikatha kuganiza imapukusa ngati kachigayo, frrrr. Ikatero achimwene anu amati tiyeni."

Sajeni anabwerera pang'onopang'ono.

"Sikeloyo ili m'kati mwa sitolo?"

"Ayi, ili panja, pakhoma. Ndimadziwa chifukwa mphepo imandiomba m'makutu, ndiponso chitseko cha sitolo sitinachitsegulepo. Ndinapempha tsiku lina kuti nane ndikwerepo, ndione ngati zakudya za kuno zikundikonda. Anandiuza kuti ndi ya odwala impso okha. Ndinadabwa, koma dziko la eni lili ndi malamulo ake." Anapendeketsa mutu. "Sajeni? Mwasiya kupuma kodi?"

*

Sajeni anakadzitsekera m'bafa, anamasula lamba m'chiuno, n'kumuyandikiza kuwindo. M'mawa uja anadula ulusi mwachangu osayang'ana. Tsopano anayang'ana monga wapolisi.

Msoko wotsalawo unali wa makina. Unali wowongoka, wothinana, wa ulusi wobiriwira umene unkakhala pa makina akale a m'shopu ya achimwene. Pamene anadula, mabowo a singano anali mzere umodzi wokha. Nsalu yomasulidwa n'kusokedwanso imaoneka, imakhala ndi mabowo awiriawiri, ndipo m'nyumba yonseyi munalibe makina osokera. Lambayu sanatsegulidwepo chichokereni kwawo.

Anakumbukira tsiku lija, shopu ili mbee, atatsala makina amodzi oyembekezera wogula. "Tembenuka, mlongo, ndikuyeze chiuno." Iye anatembenuka. Anamva makina akulira kumbuyo kwake, ndipo analandira lamba wosokasoka n'kuthokoza.

Masabata onsewa wakhala akugona chafufumimba kuteteza khadi lakufa.

Chipinda chawo chinali chapansi, pafupi ndi khitchini. Achimwene anakhala pabedi, mapazi otupa ali pa kampando, akulowetsa ulusi pa singano. Nkhope inali yotuwa, mkono wamanzere wodzaza zipsera za makina osefa magazi. Sizasi yawo yakale, chinthu chokhacho chimene anakana kugulitsa, inali pambali pa pilo.

Sajeni anatseka chitseko n'kuponya lamba pabedi.

"Sikelo yanena kuti mukulemera bwanji lero, achimwene?"

Telala anayang'ana lambayo nthawi yaitali. Kenako anabaya singano pa pilo, analowetsa dzanja m'sokosi, natulutsa khadi. Analiika pamwamba pa lambayo mwaulemu, ngati akubweza chenji kwa kasitomala.

"Ndimadziwa kuti undigwira," anatero. "Ndimangopempha kuti undigwire zenera litatsekedwa."

"Chifukwa chiyani?" Mawu a Sajeni anatuluka ngati a mwana. "Tagulitsa zonse. Ndasiya ana anga, ndasiya ntchito. Lero ndatukwanitsa dzina langa kwa mayi a nyumba. Ndamunena mwana wanu kuti ndi wakuba, pamaso pake! Chifukwa chiyani, achimwene?"

"Ndinakuuza."

"Munandiuza liti?"

"Tsiku la msonkhano wa banja. Ndinati mwana asadulidwe chifukwa cha ine. Unandiyankha chiyani? Unati odwala sayankhula, amamwa mankhwala. Onse anaseka. Ndinanenanso tikukatenga mapasipoti. Unakweza wailesi ya m'galimoto."

Zinali zoona, ndipo wailesiyo Sajeni anaikumbukira.

"Iwe ukalamula, mlongo, nyumba yonse imaima sawasha ngati apolisi pa perete. Ndipo mwanayo akandiyang'ana ndi maso a mayi ake aja, n'kunena kuti ababa ndakonzeka, ine lilime limauma. Kumukana pamaso sindikanatha. Ndinati bola ndikhale munthu woberedwa. Woberedwa amamumvera chisoni, amabwerera kwawo, nkhani imatha."

"Amabwerera kwawo kukafa!"

"Aliyense amafa. Ine ndasoka zaka zanga." Anapuma movutikira, dzanja lili pachifuwa. "Mnyamata wa pamwamba uja anandionetsa chilonda chake. Ndinayang'ana msoko umenewo monga telala. Aluso, sindikukana. Koma mwana wanga si nsalu, mlongo. Sanakwatiwe, sanabereke. Mawa impso yotsalayo ikadzavuta, adzampatsa ndani? Ine ndidzakhala nditapita kale ndi yakeyo."

"Dokotala anati anthu amakhala bwinobwino ndi imodzi."

"Dokotala si amene anamunyamula tsiku lobadwa."

Panja geti linalira, wina akulowa. Kuwala kwa pawindo kunali kutafika kale pamwamba pa khoma.

"Ndalama zili kuti?"

"Sindinadye ngakhale imodzi. Makina okha ndi amene amadula yawo tsiku lililonse, akuba enieni ndi amenewo."

"Zili kuti, achimwene?"

"Zili kwa mwini wake. Akafika kwathu adzazipeza, adzatsegula kake, adzakhala munthu. Fufuza m'chipinda muno mmene ungathere. Sundimenya, ndine mkulu wako."

Sajeni sanafufuze. Anayang'ana singano pa pilo, ulusi wotuwa uli lendelende. Zala zake zinakumbukira chimene zinagwira pa masitepe, cholimba ngati katoni.

"Kuno kukuzizira," anatero pang'onopang'ono. "Mwana angadwale chimfine."

Telala anatseka maso.

Chitseko chinatseguka. Chisamba anaima pakhomo, beseni lopanda kanthu lili m'manja. Makoma a nyumba imeneyo anali opyapyala, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti wamva zonse. Anaika beseni pansi. Anapapasa chikhoti chake pachifuwa, m'mbali, kumsana. Paliponse pamene anakanikiza, m'kati mumalira kuti tswatswa.

Sajeni anatambasula dzanja. "Vula, mwana iwe, ndidule. Tikathamanga tipeza zenera lili lotsegula. Pamene makina adya titsekapo ndi zotsala pa khadi ndi mphete yangayi. Vula msanga!"

"Ayi, azakhali."

"Wati chiyani?"

"Mukadula inu, mawa ababa akana kulowa m'chipinda cha opaleshoni, ndipo simungawanyamule. Mwalamula mokwanira."

Anavula chikhoticho, anachiyala pa maondo a bambo ake, natenga sizasi pambali pa pilo n'kuiika m'dzanja lawo. Anawapinda zala yekha kuti aigwire.

"Ababa, ine ntchito yanu sindinaing'ambepo chibadwire, ndipo sindiyamba lero. Mwasoka nokha, mumasula nokha. Mukapanda kumasula, chabwino. Tibwerera kwathu. Koma ndikulumbira, ndalama zimenezi sindidzazigwira. Ndidzavala chikhotichi pamaliro anu, kaya kudzatenthe bwanji. Ndikamadzagwada pamanda chizidzalira tswatswa, anthu onse amve chimene munandisiyira m'malo mwa bambo."

"Chisamba, mwana wanga, ukuopa. Ndimakumva ukulira pa masitepe."

"Ndikuopa, inde. Mantha ndi anga, impso ndi yanga. Inu munandifunsa ine musanandisankhire umasiye?"

Kukhitchini mayi a nyumba anali atasiya kukwecha mapoto.

Sajeni anagwirapo akuba ambiri. Ena anawamanga maunyolo, ena anawakoka ndi lamba wa buluku mpaka ku galimoto. Uyu sanadziwe chomuchita. Anangopezeka atagwada pa simenti yozizira, mayi wamkulu wa nyota za upolisi paphewa, atagwira phazi lotupa la mkulu wake ndi manja awiri.

"Sindikulamula, achimwene. Ndikupempha. Ndinalakwa kukweza wailesi ija. Lero ndamva zonse mwanena. Koma musatisiye."

Telala anayang'ana mlongo wake, anayang'ana mwana wake. Mwanayo anaima wopanda chikhoti, manja atapinda pachifuwa, akunjenjemera ndi kuzizira, koma maso ali gwa pa bambo ake. Misozi inatsika m'masaya otuwa a telala n'kudonthera pa nsalu.

Kenako chala chake chachikulu chinapeza malo ake pa chigwiriro cha sizasi, mmene chakhala chikuchitira moyo wake wonse. Anatembenuza chikhoti, anafufuza mfundo ya ulusi pansi pa kolala, nalowetsa nsonga ya sizasi. Ulusi unaduka kuti thu. Ngodya ya ndalama za eni dziko inasuzumira pamsoko.

"Dzuka pansipo, mlongo, ugwire uku," anatero telala, akupukuta m'maso ndi phewa. "Ukoke pang'onopang'ono. Usang'ambe chikhoti cha mwana, achifuna akamatuluka m'chipatala."